Lonjezo la M'botolo

Nyengo ya manachesi ikafika m'boma la Mwanza, midzi ya m'dera la Mfumu Yaikulu Nthache imasintha maonekedwe. Madengu amatsika m'mapiri kulunjika kumsewu, magalimoto a amalonda amaima m'mbali mwa njira, ndipo m'thumba la mlimi mumamveka kandalama. Koma kumene kwagwa ndalama alendo sachedwa kufika. Ena amabwera ndi zitenje, ena ndi ziwiya, ndipo ena amabwera ndi mabotolo a madzi ofiirira, nalengeza pamsika kuti ali ndi mankhwala ochiza nthenda ya shuga, kuthamanga kwa magazi, kusabereka ndi khansa, zonse m'botolo limodzi. Nkhani ya lero ikukhudza mabotolo amenewa, ndi milandu imene yakhala ikubuka kaamba ka iwo m'dziko muno ndi kumaiko akutali.

Mlandu wa mtundu uwu ukhoza kufika pabwalo la nyakwawa ina iliyonse, ndipo kayendedwe kake kamakhala kotere. Mayi wa zaka 40 wayamba kutaya magazi pa nthawi imene si yake. Kwa miyezi ingapo sauza munthu, pakuti zoterezi sizikambidwa pagulu. Potsiriza apita ku chipatala cha Boma pa Mwanza, ndipo anamwino atamuyeza amupatsa kalata yopita nayo ku chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Iye abwerera kumudzi ndi kalata ija kukakambirana ndi abale za ndalama ya ulendo ndi za munthu wokamudikirira. M'masiku omwewo patulukira munthu wa mabotolo. Iyeyu akuti opaleshoni ndi imfa, chifukwa chotupa chikakhudzidwa ndi mpeni chimalusa. Koma mabotolo ake, limodzi pa sabata, adzasungunula nthendayo osasiya ndi chipsera chomwe. Banja ligulitsa mbuzi ziwiri ndi manachesi a chaka chonse akadali mu mtengo. Kalata ija ilowa pansi pa mphasa. Pakutha pa miyezi 8 mayiyo anyamulidwa kupita kuchipatala, ndipo madotolo anena kuti nthendayo yafalikira, chotsala n'kuchepetsa ululu basi.

Maliro atatha, mwini mbumba akagwada kwa mfumu. "Zikomo mfumu. Mlongo wanga wapita, mbuzi zapita, ana atsala padzuwa. Munthu uja abwere adzayankhe." Wamabotolo naye, ngati wapezeka, sasowa chonena. "Ine sindinakakamize munthu, mfumu. Anabwera okha, anamwa okha. Kuchipatala nakonso anthu amamwalira. Nanga madotolo mumawazenga mlandu?"

Pamenepo bwalo limakhala chete, chifukwa mawu a onse awiri ali ndi polemera pake. Kodi munthu wodwala alibe ufulu wosankha kumene akafune thandizo? Nanga Boma lili ndi mphamvu yanji yolowa pakati pa wodwala ndi amene iye wamukhulupirira? Mafunso awiriwa asautsa oweruza ophunzira kwambiri m'maiko osiyanasiyana, ndipo mayankho amene iwo anapeza akhoza kuthandiza bwalo la pamudzi.

Pofuna kumvetsa mlanduwu nkoyenera kuyamba ndi nthenda yeniyeniyo. Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timabadwa, kugwira ntchito ndi kufa mwa dongosolo. Khansa imayamba pamene tina mwa tizigawoti tataya dongosololo ndi kuyamba kuchulukana mosalekeza, kufikira titapanga chotupa. Chotupacho chikadali pamalo amodzi, kawirikawiri dotolo akhoza kuchichotsa, munthu n'kuchira. Koma chikamwaza mbewu zake kupita kuchiwindi, kumapapo ndi kumafupa, kuchira kumavuta kwambiri. Motero chuma chachikulu cha munthu wodwala khansa ndi nthawi. Mbuzi ikagulitsidwa ina idzabadwa, koma miyezi imene kalata inagona pansi pa mphasa ili ngati madzi: akatayika saoleka.

Vutoli si laling'ono. Nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO inayerekeza kuti m'chaka cha 2020 amayi oposa 4,000 a m'Malaŵi anagwidwa ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira nayo. Izi zikuika dziko lino pakati pa maiko amene nthendayi yakhazikika kwambiri pa dziko lonse lapansi. Ku America nako, akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya Yale anafalitsa mu 2018 zimene anapeza atalondola anthu 281 amene anasiya chipatala nadalira njira zina zokha, powayerekeza ndi anzawo 560 amene analandira thandizo la madotolo. Onsewa anali ndi khansa imene inali isanafalikire kutali. Imfa pakati pa osiya chipatala aja inachuluka kawiri ndi theka poyerekeza ndi anzawo, ndipo kwa amayi a khansa ya m'mawere inachuluka koposa kasanu.

Tsono malamulo a dziko lino akuti chiyani? Choyamba, palibe lamulo limene linaletsa muzu kapena tsamba. Lamulo la za ufiti la 1911, limene atsamunda anakhazikitsa, linaletsa kumwetsa mwavi, kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi ntchito yosaka afiti. Silinakhudze agogo amene amadziwa khungwa loletsa m'mimba. Lamulo la madotolo la 1987, limene linakhazikitsa bungwe la Medical Council of Malawi, linasiya dala mpata wakuti machiritso a makolo apitirire, koma linaika malire: mpatawo suloleza munthu kuchita chinthu choika moyo pangozi. Lamulo la milandu ya upandu nalo limalanga aliyense wotenga ndalama ya mnzake pomuuza bodza mwadala. Ndipo mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority m'malo mwa bungwe lakale la 1988, nilipatsa mphamvu yoyang'anira mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno ndi kaitanidwe ka malonda ake, kuphatikizapo mankhwala azitsamba.

Malamulo alipo ndithu, koma kuwagwiritsa ntchito pa mlandu ngati uja n'kovuta. Mboni yaikulu ili kumanda. Lonjezo linaperekedwa pakamwa, popanda chikalata. Wogulitsayo mwina anachoka kale, ndipo m'boma la m'malire ngati la Mwanza munthu akangodutsa pa Zobue wafika m'dziko lina. Akapezeka, iye akhoza kunena kuti amakhulupiriradi mankhwala akewo, ndipo kutsimikiza kuti munthu ananama mwadala si ntchito yapafupi.

Kovutanso n'kuika malire pamalo oyenera. M'mwezi wa June 2016, pamene dziko linali pa chisoni kaamba ka kuphedwa kwa anthu achialubino, Bwalo Lalikulu la ku Mzuzu, pamaso pa woweruza Dingiswayo Madise, linapereka chiletso choimitsa ntchito za asing'anga, oombeza ndi opanga zithumwa, nililamulanso nyuzipepala ndi nyumba za wailesi kuti zileke kulengeza malonda awo. Ena mwa amene anakadandaula anali anthu amene analipira ndalama kwa asing'anga koma osaona zimene analonjezedwa. Magulu a asing'anga anadandaula kuti chiletsocho chinaika onse m'dengu limodzi, wakuba ndi woona mtima yemwe. Ndipo aliyense woyenda m'misika lero akudziwa kuti mizu ndi makungwa zikugulitsidwabe. Chiletso chokuta aliyense chimakhala ngati khoka lalikulu kwambiri, limene asodzi alephera kulikoka.

Mbiri ya dziko lino ili ndi chitsanzo china chimene akuluakulu ambiri akuchikumbukira. M'chaka cha 1995 mbiri inamveka yakuti mkulu wina wa m'mudzi wa Chikamana pafupi ndi Liwonde m'boma la Machinga, Billy Goodson Chisupe, waonetsedwa kumaloto mtengo wochiza Edzi. Anthu anautcha mankhwalawo mchape, dzina limene linamvekapo kale m'zaka za m'ma 1930. Ofufuza amayerekeza kuti m'miyezi yochepa anthu pafupifupi 300,000 anakamwa, ena pa magalimoto a ntchito, ena pansi, ophunzira ndi osaphunzira omwe. Chisupe sankalipiritsa, ndipo palibe chifukwa chomuganizira kuti anali wakuba. Koma Edzi sinathe, ndipo maliro anapitirira. Boma la nthawi imeneyo linali pa mphanda: kuletsa kukanakwiyitsa khamu la anthu amene chipatala chinalibe chowapatsa, kuvomereza kukanakhala kunamiza mtundu. Chimene chinasintha zinthu si apolisi ayi. Mu 2004 Boma linayamba kupereka mwaulere mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV, anthu amene anali gone anadzuka nagwira makasu, ndipo mizere inasamukira kuzipatala. Nkhaniyi ikuonetsa zinthu ziwiri: kuti munthu akhoza kukhala woona mtima koma mankhwala ake osagwira ntchito, ndiponso kuti anthu amathamangira lonjezo pamene thandizo lenileni lili kutali.

Mlandu wotchuka kwambiri wokhudza khansa yeniyeni unazengedwa ku America. M'zaka za m'ma 1970 kunabuka mankhwala otchedwa Laetrile, opangidwa kuchokera ku njere za chipatso cha apricot, chimene chimafanana ndi pichesi. Owagulitsa ankati khansa imadza kaamba kosowa chakudya china m'thupi, ndipo kuti Laetrile ndiye chakudyacho. Bungwe la Boma loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linakana kuwavomereza chifukwa panalibe umboni. Odwala anakwiya, nati Boma likugwirizana ndi makampani a mankhwala pobisa machiritso otsika mtengo. Zigawo zoposa 20 za dzikolo zinapanga malamulo awoawo olola Laetrile, ndipo anthu zikwizikwi ankadutsa malire kupita ku Tijuana m'dziko la Mexico kukamugula.

Mu 1975 gulu la odwala, limene mlandu wake unadziwika ndi dzina la mmodzi wa iwo, Glen Rutherford, linasumira Boma ku bwalo la ku Oklahoma. Woweruza Luther Bohanon anawakomera. Boma linachita apilo, ndipo bwalo lachiwiri linapereka mfundo imene imagwira mtima: linati kwa munthu amene madotolo anena kale kuti sachira, mawu akuti mankhwala "osaopsa" ndi "ogwira ntchito" alibenso tanthauzo, munthu wopita kale, mumuteteza ku chiyani?

Koma m'mwezi wa June 1979 Bwalo Lalikulu Kwambiri la dzikolo linagamula mosiyana, oweruza onse 9 atagwirizana. Chigamulocho analemba ndi Thurgood Marshall, munthu wakuda woyamba kukhala pa mpando wa bwalolo. Mfundo zake zinali zomveka ngakhale kwa munthu wosaphunzira malamulo. Yoyamba, nkovuta kudziwa motsimikiza kuti wodwala uyu sachira, pakuti ena amene anatayidwa kale amadzuka. Ndipo mankhwala opanda ntchito ndi oopsa kwa munthu amene akanachira akadalandira thandizo loyenera. Yachiwiri, wodwala kwambiri nayenso akhoza kupwetekedwa: masiku ake otsala akhoza kufupikitsidwa ndi kudzazidwa ndi ululu. Yachitatu, lamulo likachotsedwa pa anthu oterewa, msika watseguka kwa wachinyengo aliyense, ndipo amene adzadyeredwa ndi omwewo amene alibe mphamvu yodziteteza. Mlanduwo utabwerera ku bwalo lachiwiri mu 1980, oweruza anamanga mfundo imene ili ngati nsichi ya nkhani yonseyi: munthu wamkulu ali ndi ufulu wolandira kapena kukana chithandizo, koma mankhwala amene aloledwe kugulitsidwa ali m'manja mwa Boma, pakuti Boma ndilo mlonda wa umoyo wa anthu onse.

Boma la America silinalekere pa kupambana mlandu. Linalipirira kafukufuku m'zipatala zinai, motsogozedwa ndi dotolo Charles Moertel wa ku Mayo Clinic, ndipo odwala 178 analandira Laetrile monga momwe omulimbikitsa ankafunira, pamodzi ndi zakudya zimene iwo ankalangiza. Zotsatira zinatuluka mu 1982. Palibe amene anachira, zotupa zinapitirira kukula, moyo sunatalike, ndipo ena mwa odwalawo anaonetsa zizindikiro za poizoni wotchedwa cyanide. Poizoni ameneyu si wachilendo kwa alimi a kuno. Ndi yemweyo amene amatuluka m'chinangwa chowawa, n'chifukwa chake amayi amachiviika m'madzi masiku angapo kapena kuchiyanika bwino asanachisinje. Mayi aliyense wa kumudzi akudziwa kuti chomera m'nthaka si chonse chimene chili bwenzi la munthu.

Laetrile asanatchuke kunalinso mkulu wina, Harry Hoxsey, amene ankagulitsa madzi azitsamba ku Dallas. Iye ankati makolo ake anaphunzira mankhwalawo poona hatchi yodwala chotupa ikudya zitsamba zina kubusa n'kuchira. Analimbana ndi Boma m'mabwalo kwa zaka zambiri, kufikira mu 1960 pamene malonda ake analetsedwa, ndipo mu 1963 chipatala chake chinasamukira ku Tijuana. Mu 1967 Hoxsey mwini wake anapezeka ndi khansa. Mankhwala ake sanamuthandize, ndipo anakachitidwa opaleshoni kwa madotolo omwe aja amene ankawanyoza.

Wina akhoza kuganiza kuti nkhani zonsezi zikutanthauza kuti achipatala amanyoza mitengo. Kunena zoona, zinthu sizili choncho, ndipo umboni wake uli pakhomo pa nyumba zambiri. Pali kaduwa kena ka masamba obiriwira mowala, kotulutsa maluwa oyera kapena ofiirira a timapiko tisanu, kamene kamabzalidwa m'mabwalo a matchalitchi ndi a sukulu, ndipo sikafota msanga ngakhale m'chilimwe. Kwawo kwenikweni ndi ku Madagascar, ndipo m'Chingerezi amakatcha Madagascar periwinkle. Anthu a ku Jamaica ankamwa madzi a masamba ake pofuna kuchepetsa nthenda ya shuga. Mbiriyo inafika kwa akatswiri awiri a ku Canada, Robert Noble ndi Charles Beer, ndipo iwo sanaiseke, anaiyesa. Anapeza kuti pa shuga masambawo sathandiza kwenikweni, koma kuti muli chinthu china chimene chimaletsa tizigawo ta m'thupi kuchulukana. Mu 1958 analengeza za mankhwala otchedwa vinblastine, ndipo mu 1963 mnzake wotchedwa vincristine anavomerezedwa ku America.

Vincristine ameneyu akugwiritsidwa ntchito m'zipatala zazikulu za m'Malaŵi. Ndi mmodzi mwa mankhwala operekedwa kwa ana odwala khansa ija yotupitsa nsagwada kapena mimba mofulumira, imene dotolo Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, nayenda ulendo wautali mu 1961 kuilondola m'maiko angapo kuphatikizapo Nyasaland. Ana ambiri amene afika msanga kuchipatala amachira ndi kubwerera kusukulu. Komabe munthu wophika masamba a kaduwa kaja mu mphika sangachize khansa, ndipo akhoza kudzipweteka. Pamafunika masamba olemera makilogalamu mazanamazana kuti patuluke galamu imodzi ya mankhwala, ndipo mankhwalawo amaperekedwa kudzera mu mtsempha wa magazi, pa muyeso wowerengedwa molingana ndi thupi la wodwala. Morphine, amene amachepetsa ululu wa odwala khansa, nayenso amachokera ku duwa. Chotero kusiyana kwa vincristine ndi Laetrile sikuli pa chiyambi chawo, pakuti onse anachokera ku zomera. Onse awiri anaitanidwa pabwalo la umboni; wina anapambana, wina anagwa.

Apa ndi pamene pagona yankho la funso la wamabotolo uja, lakuti kuchipatala nakonso anthu amamwalira. Inde amamwalira. Koma dotolo ali ndi kaundula amene dzina lake linalembedwamo, ndipo akalakwa pali bungwe limene lingamulande chilolezo. Mankhwala ake anayesedwa pa anthu ambiri amene anavomera kuyesedwako, ndipo ochira ndi omwalira onse anawerengedwa. Wamabotolo amaonetsa anthu atatu amene akuti anachira, koma za ena amene ali kumanda sanena. Mwa atatuwo, mwina wina chotupa chake sichinali khansa n'komwe, mwina wina anali atachitidwa kale opaleshoni. Pa mwambo wa pabwalo, wonena kuti munda uwu ndi wake ndiye amaonetsa malire ndi mboni. Chimodzimodzi wonena kuti botolo ili lichiza khansa ndiye ayenera kubweretsa umboni. Si udindo wa wodwala, kapena wa ana amasiye, kutsimikiza kuti silichiza.

Komabe Boma nalo lili ndi ngongole yake pa mlanduwu, ndipo nkhaniyi ingakhale yokondera itapanda kuitchula. Munthu wa mabotolo amafika pakhomo, amakhala pansi, amamvetsera, amalankhula chinenero cha wodwala ndi kumulonjeza moyo. Chipatala chachikulu chili kutsidya kwa Shire, kupitirira Zalewa. Chimafuna ndalama ya basi, chakudya cha womudikirira, ndi kudikira zotsatira za kupima kwa masabata. Kwa zaka zambiri dziko lino linalibe makina owotcha khansa ndi mphamvu ya cheza, ndipo odwala ochepa okha ndiwo ankatumizidwa kunja, ku India, ku Tanzania, ku Kenya kapena ku Zambia, ambiri namwalira akudikira pa mndandanda. Pa nthawi yotereyi, kuuza munthu kuti asamwe za m'botolo popanda kumupatsa china kunali ngati kulanda mwana chinangwa chowawa ndi kumusiya ndi njala.

Zinthu zayamba kusintha. Makina oterewa anayamba kugwira ntchito pa chipatala china chimene si cha Boma ku Blantyre mu 2024, ndipo mu 2025 chipatala cha Boma cha khansa chinatsegulidwa pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Kuyambira mu 2018 bungwe la Médecins Sans Frontières linagwirizana ndi chipatala cha Queen Elizabeth pothandiza amayi a khansa ya khomo la chiberekero. Mu January 2019 Unduna wa za Umoyo unayamba kupereka m'dziko lonse katemera woteteza atsikana ku kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansa imeneyi, utayamba wamuyesa m'maboma a Zomba ndi Rumphi kuyambira mu 2013. Ndipo m'zipatala za m'maboma namwino akhoza kuyeza mayi m'mphindi zochepa, popaka viniga pa khomo la chiberekero. Malo amene ayamba kusintha amayera, ndipo kawirikawiri akhoza kuthandizidwa tsiku lomwelo. Khansa imeneyi imatenga zaka 10 kapena kupitirira kuti ikhwime, choncho mpata woigwira ulipo waukulu. Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Thandizo lotere likamayandikira kumidzi, mphamvu ya lamulo nayonso imakula, chifukwa woletsa ali ndi choloza.

Tsono nyakwawa ya m'dera la Nthache, imene mwini mbumba uja wagwada pamaso pake, ichite chiyani? Mfumu ilibe ndende, ndipo mlandu wa imfa kapena wa chinyengo si wothera pansi pa mtengo wa kachere. Njira yake ndi ya kupolisi ndi kubwalo la majisitireti pa Mwanza, ndipo ofesi ya za umoyo ya m'bomalo iyenera kudziwitsidwa kuti botololo likapimidwe. Kutero si kubwezera, koma kuteteza mudzi wotsatira kumene wamalondayo akulowera. Mfumu ikhozanso kuyanjanitsa anthu pa za mbuzi zija monga mwa mwambo. Koma mphamvu yake yaikulu ili pa milandu imene isanachitike. Mlendo aliyense wofuna kugulitsa mankhwala m'mudzi amayamba waonekera kwa mfumu, ndipo pamenepo pali mafunso atatu oyenera kumufunsa. Kodi mankhwala ake ndi malonda ake zinavomerezedwa ndi bungwe la Boma loona za mankhwala, ndipo chikalata chake chili kuti? Kodi anayesedwa kuti, pa anthu angati, ndipo amene sanachire ndi angati? Nanga iye amauza odwala kuti asiye kuchipatala? Safunsa anadya phula. Munthu amene walephera mafunso awiri oyambawo alibe choyankhulira pamsika, ndipo amene wavomera lachitatulo waika moyo wa anthu pangozi, chinthu chimene lamulo la 1987 silinalole.

Mafunso amenewa sakuopsa sing'anga woona mtima. M'midzi yambiri muli akuluakulu odziwa zitsamba amene, akaona chotupa cholimba m'bere, bala losapola, kutaya magazi kosalekeza kapena chakudya chokakamira pakhosi, amanena poyera kuti, "Mwana wanga, ichi si changa, thamanga kuchipatala." Anthu oterewa ndi abwenzi a Unduna wa za Umoyo, chifukwa odwala ambiri amayamba kufika kwa iwo. Ndipo ngati pakati pa mitengo ya m'mapiri a Mwanza pali wina wobisa mankhwala ngati a kaduwa kaja, njira yake yotulukira poyera ndi yomweyo ya kuyesedwa, kuti dziko lonse lipindule ndipo mwini nzeruyo alemekezedwe.

Ufulu wa wodwala ukhalabe wake. Munthu wamkulu akhoza kumva zonse zimene dotolo wanena nasankha kubwerera kwawo, ndipo palibe lamulo lomumanga kaamba ka zimenezo. Chimene lamulo likukana n'chakuti wina adye ndalama pa mantha a munthu ameneyu, pomugulitsa lonjezo limene sangathe kuliikira umboni. Kusankha kwenikweni kumafuna kuti munthu auzidwe zoona.

Manachesi adzapsanso chaka chamawa, ndipo alendo adzabweranso ndi mabotolo awo. Pakali pano, m'nyumba zina za m'dera la Nthache ndi m'madera ena a dziko lino muli makalata a kuchipatala amene agona pansi pa mphasa, m'kati mwa Baibulo kapena m'chikwama cha zovala, kudikira kuti ndalama ipezeke kapena kuti mantha athe. Eni mbumba, amuna a pabanja, mafumu ndi akuluampingo ayenera kufunsa za makalata amenewa sabata ino. Ngati pali mbuzi yoti igulitsidwe, igulitsidwe kuti ilipire ulendo wa ku Blantyre nthawi ikadalipo.